Mphasa Pakati pa Amayi ndi Gitala

Mlongo wanga wamkulu, mwana wamwamuna yekhayo wa amayi, anapita ku Halale ine ndidakali m'makalasi ang'onoang'ono, ndipo anasiya zinthu ziwiri m'nyumba ya amayi: khasu pakhoma ndi gitala kudenga. Chaka choyamba ankalemba makalata. Chachiwiri analemba imodzi yokha. Kenaka kunangoti zii, mpaka anthu a m'mudzi mwathu, kufupi ndi Zemba, anayamba kumuwerengera pamodzi ndi matchona, anthu aja opita kuntchito osabwerako. Amayi sankalola kuti mawu amenewo atchulidwe pakhomo pawo. Atate anali atamwalira kale, munda unali waukulu, ndipo mwamuna yekha wogwira khasu pabanja pathu anali alamu anga, amuna a akulu anga, amene anali mkamwini wa zaka ziwiri zokha.

Zimene ndikufotokozazi zinachitika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, nyengo yotentha mvula isanagwe. Ndinali kunyumba patchuthi chachifupi kuchokera ku sekondale. Masiku omwewo anafika msuweni wanga, mwana wa amalume, amenenso ankagwira ntchito ku Halale. Anabwera ndi chipewa chachikulu, nsapato zolira, ndi makina ojambula mawu. Makinawo anali bokosi lokutidwa ndi chikopa, lolemera ngati mwana woyamba kukwawa. Pamwamba pake panali timagudumu tiwiri pomwe pankazungulira tepi, kalamba kopyapyala kofiirira. Panalinso maikolofoni ya chingwe chachifupi, imene tonse tinkangoitcha khutu, ndi kamuvi kamene kankagwedera mawu akamalowa. Ankayendera mabatire.

Msuweni anatiuza kuti mlongo wanga ali moyo, ali bwino, amakhala mzere umodzi wa nyumba ndi iye, ndipo nthawi zonse amati adzabwera akakonzeka.

"Azakhali, lankhulani m'bokosimu," iye anawauza amayi. "Ndikamutsegulira, amva mawu anu enieni. Kalata amaipinda n'kuika pansi pa pilo. Mawu sapindika."

"Mwana wanga sindingamuchonderere kudzera m'bokosi," anatero amayi.

Anakana tsiku lonse. Madzulo ake ananena okha kuti kuimba si kuchonderera. Panali nyimbo ina imene ankaimba kale pakhonde, mlongo wanga akuimba gitala. Anati akhoza kuimba imeneyo, malinga gitala ikhale yomweyo ya mwana wawo. M'mudzi monse wodziwa gitala anali mmodzi: alamu anga.

Ntchito yoyendetsa makina inagwera ine, chifukwa kabuku ka malangizo kanali m'Chingerezi, ndipo mwini wake anali asanakatsegulepo. Nditakawerenga ndinazindikira tsoka lathu. Msuweni anali atatha masiku awiri akujambula moni wa munthu aliyense m'mudzimo, kulira kwa mbuzi, ndi mikangano ya pamowa. Mabatire amene anatsala anali omwe anali m'makinamo. Tepi inkatheka kufufuta n'kujambulanso, koma mphamvu ya mabatire ikapita sinkabwerera. Tsikulo linali Lolemba. Lole ya ku Chipata inkanyamuka ku Chadiza Lachinayi m'mawa, choncho msuweni anayenera kuuyamba ulendo wapansi Lachitatu dzuwa litapendeka.

"Asuweni, munali ndi nzeru zotani?" ndinamufunsa.

"Akazi anga, musakwiye," anayankha, monga amachitira asuweni. "Mbuzi ya atsibweni ija inaimba bwino kuposa kwaya ya kutchalitchi."

Sindinaseke. Sindisekabe.

Ndiyenera kuvomera pano cholakwa changa. Potsitsa gitala kudenga, inandipulumuka n'kugunda pamphero, mwala woperera mawere. Inachita mng'alu waung'ono kumunsi, pafupi ndi pomangirira nsambo. M'nyumbamo ndinali ndekha. Ndinaipukuta fumbi n'kukaipereka kwa alamu osanena kanthu. Iwo anauona mng'aluwo, anaupapasa ndi chala, n'kundiyang'ana pang'ono. Nsambo ziwiri zinali zitaduka ndi dzimbiri, ndipo anaikamo waya wa mabuleki a njinga.

Tinayamba kuyesa pakhonde la akulu anga, alamu okha, amayi kulibe. Ndinaika khutu pampando pamodzi ndi makina, ndikulilozetsa pabowo la gitala, poganiza kuti mawu amatulukira pamenepo. Titabweza tepi kuti timve, gitala inamveka ngati ng'ombe yolira m'chitsime. Pansi pake pankamveka kung'ung'udza kwa makina enieniwo, kumene kunadutsa m'thabwa la mpando n'kulowa m'khutu. Pamwamba pake panali mphepo, tambala, misi iwiri ya akazi osinja kuseri kwa nkhokwe, ndi phazi la alamu likugunda pansi. Chakumapeto kunamveka bwino kwambiri, kuposa china chilichonse, mawu a mayi wina woyandikana nafe akuti, "Odi kuno!" ndi alamu akusiya nyimbo pakati n'kuyankha, "Odini, fikani."

"Alamu, mukayamba musaime," ndinawauza.

"Nanga munthu akuodira ndingokhala chete ngati chitsa?"

"Inde."

Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti akabe nkhuku.

Lachiwiri ndinapempha aphunzitsi a sukulu ya m'mudzi kuti atibwereke chipinda ana akaweruka. Ndinali wonyada ndi maganizo amenewo: chitseko chotseka, simenti pansi, malata pamwamba, nyumba yamakono ya makina amakono. Khutu ndinalimangirira kumsana kwa mpando wina, kutali ndi makina. Kung'ung'udza kunathadi. Koma chipindacho chinkabweza mawu. Nsambo iliyonse inkamveka kawiri, yachiwiri ikuthamangitsa yoyamba, ngati munthu akuimbira m'mbiya yopanda madzi. Malata ankati thi, thi, ndi kutentha kwa dzuwa. Mumtengo wa panja nyenje zinayamba kulira, ndipo sizinaleke. Ndinazimitsa makina msanga, koma kamuvi kanali katayamba kale kudzuka mwaulesi, chizindikiro chakuti mabatire akuchepa mphamvu.

Pobwerera tinadutsa panyumba yakale ya amalume, momwe munkasungidwa matumba a mtedza woyembekezera ngolo. Msuweni analowamo kukatapa wokazinga, n'kundiitana ali mkatimo. Mawu ake ananditulukira ouma, afupi, opanda mchira. Ndinalowa n'kuomba m'manja kamodzi. Palibe chinabwerera. Makoma a dothi, denga la udzu, ndi matumba osanjikizana mpaka m'mapewa zinkameza phokoso lonse. Nyumbayo inalinso kumapeto kwa mudzi, kutali ndi mitondo. Ndinaitana alamu, ndipo tinayesa kanthawi kochepa. Nthawi ino khutu ndinalipachika ndi luzi kuphaso, kutalika kwa mkono umodzi kuchokera pagitala, losaloza pabowo koma pomwe khosi la gitala limakumana ndi mimba yake. Pansi pa phazi la alamu ndinaika thumba lopinda. Zimene tinamva zinali gitala yeniyeni, nsambo iliyonse payokha. Ndinaganiza kuti ntchito yatha.

Ndinali nditaiwala chinthu chimene mwana aliyense wa kwathu amachidziwa asanamere mano. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi amaopana. Sakhala moyandikana, sayang'anana kumaso, salankhulana okha popanda wapakati, ndipo akakumana panjira mkamwini amapatukira kutchire. Alamu anga, munthu wofatsa ndi waulemu wopyola, anali atasunga zimenezi zaka ziwiri osaphonya ngakhale tsiku limodzi. Tsono khutu linali limodzi, chingwe chake sichinkafika mikono itatu, ndipo ine ndinkafuna anthu awiriwa akhale pafupi ngati mapasa.

"M'nyumba imodzi ndi abambo a mwana?" anatero amayi, monga ankawatchulira alamu. "Kusukulu kwanuko amakuphunzitsani zimenezi?"

"Amayi, mukakhala panja khutu silikumvani."

"Aimbe iwo lero, ine ndidzaimba mawa. Bokosi lako lisakanize."

"Silisakaniza. Mukajambula mawu atsopano, akale amafufutika."

"Ndiye ndi bokosi lopanda nzeru."

Alamu nawo anauza akulu anga kuti andiuze kuti angalole kudulidwa chala, koma osati kukhala mphasa imodzi ndi amayi. Akulu anga ndiwo anagwira mawu amenewo. Anati palibe wanena kuti akhale pamphasa imodzi. Mphasayo ikhoza kuimikidwa pakati pawo. Anakambirana ndi amayi nthawi yaitali kukhitchini, ine ndikuyenda uku ndi uku panja. Pomaliza amayi analola, koma anaika malamulo. Iwo adzalowa poyamba n'kukhala kuseri kwa mphasa. Mkamwini adzalowa pambuyo, nkhope itayang'ana kukhomo. Potuluka adzayamba mkamwini, n'kupita kutali ndithu. Ndipo mawu alionse adzadzera mwa ine.

Nthawi ndinasankha ndekha, chifukwa masiku awiri aja anandiphunzitsa kuti mudzi uli ndi mpata umodzi wokha wa bata: atambala atatopa, anthu atapita kukasosa m'minda, nyenje zisanayambe. Lachitatu m'mawa tinapachika mphasa yaikulu kuchokera kuphaso kufika pansi. Khutu ndinalilendeweretsa kumapeto kwa mphasayo, pomwe likanamva mbali zonse ziwiri. Msuweni ndinamuika panjira, kutali, kuti aziyankha aliyense wobwera kudzaodira. Inali ntchito yokhayo yomuyenera. Amayi ndinawapempha kuti avule zibangiri. Anazivula chimodzichimodzi, akundiyang'ana, n'kuziika m'chikhatho changa ngati ndawalanda.

Ine ndinakhala kumapeto kwa mphasa, pomwe onse awiri akanandiona. Ndinawauza kuti ndikatsitsa dzanja, gitala iyambe, ndipo ndikatsitsanso, amayi alowe. Tinayesa kaye makina ali ozimitsa.

"Uwauze abambo a mwana kuti akuthamanga ngati akuthawa mvula," anatero amayi.

Anthuwo anali otalikirana mkono umodzi ndi theka, pakati pali bango lokha. Komabe ndinatembenuka. "Alamu, akuti mukuthamanga."

"Muwauze amayi kuti pepani, ndichepetsa."

"Amayi, akuti pepani."

"Ndamva. Sindine gonthi."

"Ndiye bwanji ndikubwereza?"

"Chifukwa ndiwe mwana. Uwauze ayambenso."

Tinayambanso. Kenaka alamu anandipempha kuti ndifunse ngati amayi akhala bwino kuseriko, kapena ngati angafune thumba lokhalira. Amayi anandituma kukathokoza. Alamu anandituma kunena kuti palibe chothokozera. Dzuwa linkakwera, ndipo ine ndinkamva kale nyenje imodzi ikuyesa mmero wake patali.

Nditayatsa makina, vuto lenileni linaoneka. Alamu sakanalola kuti gitala yawo ikwere pamwamba pa mawu a apongozi awo, choncho ankangosisita nsambo ndi nsonga za zala. Amayi, pomva kuti mkamwini wachepetsa, anachita manyazi kukweza mawu pamaso pake, n'kutsika nawonso. Alamu atamva kuti amayi atsika, anatsikanso. Ankapatsana ulemu chotero, wina pansi pa mnzake, mpaka nyimbo inasanduka kunong'ona. Kamuvi kanagona pansi osagwedera n'komwe. Ndinazimitsa.

"Alamu, kwezani."

"Ndingawapondereze amayi."

"Amayi, kwezani."

"Ndikuwe pamaso pa mkamwini ngati ndili pamtondo?"

Ndinayatsanso, n'kusendeza khutu pafupi ndi gitala. Zinali chimodzimodzi. Ndinazimitsa kachiwiri, ndipo ndinaona kuti timagudumu tija tikuchedwa kuyamba kuzungulira. Pamenepo ndinalankhula mawu amene sindinayenere kulankhula kwa akuluakulu. Ndinati mabatire atsala a nyimbo imodzi yokha. Ndinati ngati akufuna kutumiza ulemu wawo ku Halale autumize, koma achimwene akamva mphepo yokha, ndipo adzakhala komweko mpaka imvi. Ndinati ine ndatopa. Ndinayatsa makina kachitatu, n'kutsitsa dzanja.

Alamu anayamba chimodzimodzi, mwakachetechete. Ndinatsitsa dzanja kachiwiri, koma amayi sanalowe. Tepi inkangozungulira. Ndinkaiyang'ana ikudya mphamvu yotsala, ndipo ndinafuna kulira ndi mkwiyo. Kenaka amayi analankhula, osati kwa ine, koma molunjika kumphasa.

"Bambo, musandiope lero. Imbani ndi mphamvu, mwana wanga amve."

Zala za alamu zinaima. Ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwawo. Anangoweramira pagitala n'kuimenya monga ankachitira pakhonde, amayi kulibe. Kamuvi kanadumpha. Amayi analowa ndi mawu awo onse, aja ankatiitanira nawo kuchokera kudambo. Maimbidwe anali akale aja, koma mawu anali atsopano:

"Mitambo yakwera ku Zemba,
khasu lako lili pakhoma,
lachita dzimbiri, mpini wauma,
ine sindinalichotse."

Anaibwereza katatu. Ndipo pa nsambo yaikulu iliyonse, tsopano popeza gitala inkamenyedwa mwamphamvu ndipo khutu linali pafupi, mng'alu wanga uja unayamba kulira, kaphokoso konga ka njuchi yotsekeredwa m'chipanda. Ndinakamva bwinobwino. Ndinafuna kuimitsa, kutseka mng'aluwo ndi nsanza, kubweza khutu pamalo pake, kuyambanso. Sindikanatha. Atangomaliza kachitatu, nyenje zonse za m'tchire zinayamba pamodzi.

Alamu anatuluka chamsana n'kupita kutali monga mwa pangano. Amayi anatuluka pambuyo, n'kutambasula dzanja kuti ndiwabwezere zibangiri zawo. Tinamvetsera chiyambi chokha, mawu akukokeka kale ngati a munthu wogona, makina n'kuima. Msuweni anati ku Halale akagula mabatire atsopano ndipo zikamveka bwino. Anamanga bokosi lake pamsana, nandiuza kuti ndikamakalamba ndidzakhala mkazi wovuta. Ananyamuka dzuwa litapendeka.

Ndinabwerera kusukulu ndili wokhumudwa. Masiku atatu ndinalimbana ndi mphepo, atambala, misi, malata, phazi la alamu ndi ulemu wa anthu awiri, ndipo chimene ndinatumiza chinali ndi njuchi mkati, yoikamo ine ndemwe. Amayi ndi alamu anabwerera ku mwambo wawo tsiku lomwelo. Madzulo ake anakumana panjira ya kuchitsime, ndipo alamu anapatukira m'tchire monga kale.

Kalata sinabwere. Mvula yoyamba inagwa, anthu anabzala. Nditabweranso kunyumba patchuthi cha Khirisimasi, chimanga chili m'mawondo, masana ena tinaona munthu akubwera ndi sutikesi pamutu. Anali mlongo wanga, wonenepa, wa ndevu. Amayi anali kumunda. Pakhomo panali ine, akulu anga ndi alamu. Anakhala pansi, tinapatsana moni mwadongosolo, anamwa madzi. Atatsitsa chikho anati:

"Ndani wang'amba gitala yanga?"

Anatiyang'ana mmodzimmodzi, n'kupitiriza:

"Ndinaisiya yabwinobwino. Ndinamva ndili ku Halale, pa nsambo yaikulu, kumunsi. Ndinabweza tepi ija kambirimbiri, mpaka anthu a pamzere wathu anadandaula. Ndiponso wina waikamo waya wa njinga." Anatembenukira kwa alamu, amene anali asanawaonepo chiyambire. "Kapena ndinu, alamu?"

Alamu anayang'ana pansi. Mkamwini satsutsana ndi mwini mbumba tsiku loyamba, ndipo ndinaona kuti akukonzeka kupepesa mlandu umene sunali wawo.

"Ndine, achimwene," ndinatero. "Inandipulumuka n'kugunda pamphero. Alamu anaipeza ili yong'aluka kale."

Anatembenukira kwa ine. "Iwe? Amene akuti uli ku sekondale?"

"Inde. Koma zina zonse munazimva bwanji? Mawu a amayi anamveka? Nsambo zinamveka payokhapayokha? Simunamve tambala, kapena misi, kapena nkhuku?"

"Nkhuku ziti?" anafunsa.

Sanamve ngakhale imodzi, ndipo amenewo ndiwo malipiro onse amene ndinalandira pa ntchito yanga. Mpaka lero, ndikamva achinyamata akujambula nyimbo ndi foni pakati pa msika, mtima umandiwawa.

Amayi atabwera kuchokera kumunda anaima pamphepete pa bwalo, khasu lili paphewa. Sanathamange. Anabwera pang'onopang'ono, anakhala pansi, nampatsa moni ngati munthu amene anachoka dzulo. Iye anawauza kuti wabwera kudzakonza gitala. Amayi anati zili bwino, phula lilipo kwa amalume. Za nyimbo ija sanatchule, iye ngakhale iwo, tsiku limenelo kapena lina lililonse limene ine ndinamvapo.

Madzulo anasungunula phula n'kumata mng'aluwo, akuwadzudzula alamu za waya wa njinga ndi kuwafunsa komwe anaphunzira kumenya nsambo chotero. Anati akhala mpaka phulalo liume, kenaka abwerera kuntchito. M'mawa mwake ndinamuona akutsitsa khasu pakhoma, akugogoda mpini pamwala kuti ulimbe. Phula limauma tsiku limodzi. Iye anapalira nawo chimanga chaka chimenecho, anakolola, anakwatira ku Zingalume, ndipo sutikesi ija akulu anga anaisandutsa mosungira mbewu ya mtedza.